Usiku wa Halloween kuno ku Britain: momwe mungatetezere ana akamayenda khomo ndi khomo

Okutobala akangofika pakati, masitolo a kuno amadzaza ndi maungu, zigoba ndi timadiresi takuda, ndipo ana amaweruka kusukulu ali ndi funso limodzi: "Amayi, ine ndidzavala chiyani pa Halloween?" Ambiri a ife tinakulira kumene 31 Okutobala ndi tsiku wamba, ndiye funsoli limatipeza tisanakonzeke. Mabanja ena amakaniratu chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo mipingo yambiri imakonzera ana phwando lawolawo muholo ya tchalitchi madzulo omwewo. Zimenezo banja lililonse limasankha lokha. Malangizo awa ndi a inu amene mwalola kuti mwana apite.

Kwa amene mwangofika kumene, zimayenda chonchi: madzulo a tsikuli ana amavala ngati mfiti, mizukwa, mafumukazi kapena anthu a m'makatuni, n'kumagogoda m'makomo akunena kuti "trick or treat", eni nyumba n'kumawaponyera maswiti m'tizidebe. Ku Scotland amati guising, ndipo kumeneko mwana amayamba waimba kanyimbo, kunena ndakatulo kapena nthabwala asanalandire kanthu. Mwambowu mizu yake ili ku Ireland ndi ku Scotland komweko. Unawoloka nyanja ndi anthu osamukira ku America, n'kudzabwerera kuno utakula. Zimafananako ndi ana akwathu opempha Khirisimasi bokosi, kungoti awa amayenda mumdima, m'misewu ya galimoto, atavala nsalu zosachedwa kuyaka.

Mantha a makolo ambiri amathamangira ku maswiti a poizoni ndi kwa anthu oba ana. Koma zimene zimavulazadi ana usikuwu ndi galimoto ndi moto. Mu 2018 magazini ya madokotala a ana ya JAMA Pediatrics inatulutsa kafukufuku wounika ngozi zapamsewu za ku United States kuyambira 1975 mpaka 2016. Anapeza kuti imfa za anthu oyenda pansi zimakwera ndi 43 peresenti madzulo a Halloween poyerekeza ndi madzulo ena, ndipo kwa ana a zaka 4 mpaka 8 chiopsezo chimakwera kakhumi. Ziwerengerozo n'za ku America, koma mdima, changu cha ana ndi galimoto n'chimodzimodzi ndi kuno.

1. Kutatsala sabata, sankhani chovala mukuganiza za moto

Mu 2014 mwana wamkazi wa Claudia Winkleman, muulutsi wa pa BBC, anapsa kwambiri ali ndi zaka 8 chovala chake cha mfiti chitakhudza kandulo pamene ankayendera maswiti. Nkhaniyi inagwedeza dziko, ndipo pambuyo pake masitolo akuluakulu angapo anayamba kuyesa zovalazi mokhwimitsa kuposa momwe lamulo limafunira. Zambiri zimasokedwa ndi poliyesitala ndi nayiloni, nsalu zimene zikagwira moto zimasungunuka n'kumatirira pakhungu, ndipo n'chifukwa chake mabala ake amakhala akuya.

Musanalipire, tembenuzani chovalacho muwerenge lebulo. Malamulo a kuno amaika zovala za ana zamtunduwu m'gulu la zidole, choncho chikhale ndi chizindikiro cha CE kapena UKCA. Chizindikirocho sichikunena kuti nsaluyo singayake ayi, chikungonena kuti inapangidwa motsatira muyezo woti moto usathamange kwambiri. Zotchipa za pa intaneti zochokera kwa ogulitsa osadziwika, zobwera m'kapulasitiki kopanda dzina la kampani, zisiyeni ngakhale mwana alire.

Mukafika nacho kunyumba, mwana achivale ayendeyende inu mukuyang'ana. Mpendero ulekeze pamwamba pa akakolo. Ganizirani momwe zimakhalira pakhomo: dzungu lokhala ndi kandulo limaikidwa pansi, pasitepe, pamlingo weniweni wa mpendero wa diresi. Ana asanu apanikizana pamenepo, aliyense watambasula kachidebe kake, maso onse ali m'mbale ya maswiti, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe akuona chimene chili kumapazi. Siketi ya neti yotukumuka, manja olendewera, mchira, mkanjo wakumsana wofika pansi, wigi yaitali, zonsezi ndi zimene zimayamba kukhudza lawi. Tengani singano mupinde, kapena mudule ndithu. Chovala chachifupi chimachepetsanso kupunthwa pamasitepe.

Mkati avale zovala zake zamasiku onse, thalauza la jinzi ndi malaya a manja aatali kapena juzi. Kumapeto kwa Okutobala kumazizira, komanso zovala zamkatizo zimatchinga khungu ngati chakunjacho chayaka. Nsapato zikhale zake zomwe anazolowera, osati zazitali zobwereka kwa amayi ake. Ngati chovala mukupanga nokha, pewani majumbo akuda otayiramo zinyalala, mapepala ndi thonje lopukutira mabala, chifukwa zimenezi zimalandira moto nthawi yomweyo.

Pankhani ya nkhope, ine ndimakonda utoto kuposa chigoba. Chigoba chimatseka m'mbali mwa maso, komwe galimoto imatulukira, ndipo china chimatsekanso makutu. Utotowo uyeseni kaye pamkono pa mwana kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, muone ngati khungu silikutupa kapena kuyabwa. Akakakamira chigoba, kulitsani mabowo a maso ndi sizasi, ndipo mugwirizane kuti poyenda chizikhala pamutu, azichitsitsa akafika pakhomo pokha. Achinyamata ena amafuna timagalasi tovala m'diso tosintha mtundu wa maso. Kuno lamulo limafuna kuti tizigulitsidwa moyang'aniridwa ndi katswiri wa maso wovomerezeka, ndipo togula pamsika kapena kubwerekana tikhoza kukanda diso ndi kulowetsa matenda. Malupanga ndi ndodo zikhale zazifupi ndi zofewa. Mfuti yoseweretsa yooneka ngati yeniyeni isatuluke m'nyumba, makamaka m'manja mwa mnyamata wamkulu, chifukwa apolisi a kuno saitenga ngati masewera.

2. Onetsetsani kuti dalaivala azimuona ali patali

Lamlungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, ndiye pa 31 dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko, kaya muli ku London, ku Manchester kapena ku Glasgow. Ana amatuluka cha m'ma 5 mpaka 7 koloko, nthawi imene anthu akuweruka kuntchito atatopa, mwinanso mvula ikuwaza pagalasi. Zovala zambiri za Halloween n'zakuda. Mwana wamfupi wovala zakuda akatulukira kuseri kwa galimoto yoimikidwa, dalaivala amamuona mochedwa.

Buku la malamulo apamsewu la Highway Code limanena kuti zinthu zonyezimira zikawalitsidwa ndi nyali za galimoto zimaoneka pamtunda wofika katatu kuposa nsalu wamba. Gulani tepi ya lifulekita, ija amamata panjinga, mumate kumsana, m'mikono, m'miyendo ndi pakachidebe ka maswiti. Ya m'miyendo ndi m'mikono ndiyo imathandiza kwambiri chifukwa imagwedezeka mwana akamayenda, ndipo dalaivala amazindikira msanga kuti uyu ndi munthu. Jekete yachikasu yopanda mizere ya lifulekita imawala masana okha, usiku sithandiza. Mukamaliza kumata, zimitsani magetsi, mwana aime kumapeto kwa khonde, mumuwalitse ndi tochi kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Pamene sipakunyezimira onjezerani.

Mwana aliyense atenge tochi yake. Timachubu towala tija amathyola n'kuvala m'khosi tili bwino, koma osapatsa kamwana kotafuna chilichonse, poti madzi ake amawawa m'kamwa ndi m'maso.

3. Pakhomo panu pasakhale kandulo yeniyeni

Ngati mukukongoletsa panyumba, m'dzungu muikemo kakandulo ka batire. Koma musanakaike, katembenuzeni muone kunsi. Pali kachitseko kakang'ono kotsekera batire yophwatalala yooneka ngati ndalama yachitsulo. Kachitsekoko kakhale komangidwa ndi sikuluwu. Kongotsegula ndi chikhadabo sikoyenera m'nyumba ya ana aang'ono. Batire yotereyi mwana akaimeza n'kukakamira pammero, imawotcha mnofu, ndipo m'maola awiri okha ikhoza kuwononga koopsa. Mabatire omwewa ali m'zibangili zothwanima, m'zipewa zowala ndi m'tizidole tambiri togulitsidwa nyengo ino, choncho chilichonse chowala chiyang'aneni kunsi.

Posema dzungu, ana ajambule nkhope ndi kukokota nthanga ndi supuni. Mpeni ugwire ndinu.

4. Gwirizanani za woperekeza, njira ndi nthawi

Mwana wa ku pulayimale asapite popanda munthu wamkulu. Mchemwali wake wa zaka 13 musamusenzetse udindo umenewu, nayenso ndi mwana ndipo mtima wake uli kwa anzake. Ndikudziwa kuti ambiri timagwira mashifiti ausiku m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo tsikuli kawirikawiri limagwa mkati mwa sabata. Ndiye sinthanani shifiti nthawi ikadalipo, kapena lankhulani ndi kholo lina limene mukulidziwa bwino, mutenge nambala yake, mumve kuti adutsa misewu iti ndipo abwera nthawi yanji. "Apita ndi anzake" si dongosolo.

Gulu likakhala la ana opitirira anayi, akuluakulu akhale awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo muziwawerenga pakona iliyonse. Mumdima ana ovala zofanana amasokoneza, mukhoza kuyenda msewu wonse mukulondola mwana wa eni. Sankhani misewu yoyandikira kwanu, yokhala ndi magetsi, yopewa msewu waukulu. Ola limodzi limakwana kwa ana aang'ono, ndipo kutuluka kusanade kwenikweni n'kwabwino koposa.

Asananyamuke adye chakudya chenicheni ndipo apite kuchimbudzi. Mwana wokhuta savuta kumuuza kuti maswiti adikire. Lembani nambala yanu ya foni pakapepala muike m'thumba mwake, kapena muilembe pamkono. Dzina lake lisalembedwe poonekera, kuopa kuti mlendo angamuitane ngati amamudziwa.

A ku sekondale amene mwawalola kupita okha ayende atatu kapena kuposerapo, foni yodzaza moto, njira yodziwika, ndi ola lenileni lobwerera. Pa WhatsApp pali njira yoti mwana azikuonetsani pamene ali, ayatse imeneyo asanatuluke.

5. Mumsewu

Lamulo loyamba ndi lakuti timayenda, sitithamanga. Lachiwiri, palibe wowoloka msewu munthu wamkulu asananene. Ana akaona nyumba yokongoletsedwa bwino tsidya lina amangodumphira komweko, ndipo ngozi zambiri zimayambira pamenepo. Malizani mbali imodzi ya msewu, muwoloke kamodzi pa zebra kapena pa maloboti gulu lonse pamodzi, kenako mubwerere ndi mbali inayo. Osawolokera pakati pa galimoto zoimikidwa.

Samalaninso ndi timipata tolowera galimoto m'nyumba za anthu. Munthu wobwerera chambuyo kuchoka pakhomo pake saona mwana wamfupi. Galimoto zamagetsi sizimveka zikamayenda pang'onopang'ono, ndipo njinga zoperekera chakudya zimadutsa mwaliwiro ngakhale m'kanjira ka oyenda pansi. Kumene kulibe kanjira kotere, yendani kudzanja lamanja kuti muziyang'anizana ndi galimoto zobwera, mondondozana. Ana osakwana zaka 8 agwireni dzanja powoloka.

Inu woperekeza, foni ikhale m'thumba. Zithunzi jambulani kunyumba musananyamuke. Ngati mukuwatengera pagalimoto kudera lina, atsikire mbali ya kanjira ka oyenda pansi, ndipo m'misewu ya m'makomo muziyendetsa ngati mwana atulukira paliponse.

6. Pakhomo la eni

Nyumba yokhala ndi dzungu lowala kapena zokongoletsa ndiyo ikulandira ana. Yamdima idutseni. Apolisi m'madera ambiri amagawa mapepala oti anthu amate pachitseko osonyeza kuti sakufuna kugogoderedwa, ndipo kawirikawiri amakhala okalamba okhala okha amene usikuwu umawachititsa mantha. Gogodani kamodzi, akapanda kutsegula pitirirani.

Pali chinthu chimodzi chimene ife makamaka tiyenera kuwauza ana momveka. Timawalera kuti wamkulu akati "lowani" sakanidwa, ndipo ndi khalidwe labwino. Koma usiku uwu auzeni kuti kukana kulowa m'nyumba kapena m'galimoto ya munthu si mwano, ngakhale munthuyo akhale wansangala, ngakhale anene kuti maswiti ali kukhitchini. Athokoze, anene kuti adikira panja. Yesererani nawo kunyumba, inu mukhale mwini nyumba wokakamiza, mpaka mawuwo azituluka mosavuta. M'mafulati, mwana asalowe m'makonde kapena mu lifiti popanda inu.

Imani pamalo poti mukuona chitseko. Ana asanafike pasitepe, yambani ndinu kuyang'ana ngati m'dzungu muli lawi lenileni, ndipo ngati lilimo apite mmodzimmodzi. Galu akatulukira, mwana aime chilili osamugwira. Galu wofatsa amatha kuluma akaona chigoba.

Achinyamata auzeni kuti kugenda nyumba ndi mazira kapena kuwaza ufa pagalimoto za anthu ndi mlandu. Ku England ndi ku Wales mwana amayamba kuyankha mlandu ali ndi zaka 10, ku Scotland 12.

7. Maswiti adyedwe kunyumba, mutawaona

Khuthulani zonse patebulo powala. Chotseguka, chobooka, kapena chophikidwa kunyumba kwa munthu amene simukumudziwa, tayani. Nkhani za anthu othira poizoni m'maswiti a ana achilendo n'zosowa kwambiri. Imene inatchuka, ya ku Texas mu 1974, wopalamula anali bambo wa mwanayo. Chimene apolisi a kuno akhala akuchenjeza zaka zaposachedwa ndi maswiti osakaniza chamba oikidwa m'mapaketi otengera mayina odziwika. Yang'anani zilembo za THC, chithunzi cha tsamba la chamba, kapena dzina lolembedwa mopotoza pang'ono.

Kwa ana osakwana zaka 5 chotsani maswiti olimba ozungulira, a pakamtengo, chingamu, ma marshmallow ndi mtedza wathunthu, chifukwa zimatsamwitsa. Adye atakhala pansi.

Ngati thupi la mwana wanu limadana ndi mtedza, mkaka, mazira kapena china, samalani kwambiri. Lamulo la kuno limafuna kuti zakudya 14 zoyambitsa vutoli zilembedwe moonekera palebulo, koma timaswiti tating'ono totuluka m'paketi yaikulu nthawi zina tilibe lebulo yakeyake. Chopanda lebulo asadye. Guliranitu maswiti amene mukudziwa kuti samuvuta, musinthanitse naye kuti asamve kulandidwa. Amene anapatsidwa jakisoni wa adrenaline, monga EpiPen, ayende naye usikuwo m'thumba mwa woperekeza. Mabanja achisilamu awerengenso ngati muli gelatine, poti maswiti ambiri ofewa amapangidwa ndi ya nkhumba. Chokoleti chikhale kutali ndi galu wapanyumba, chimamudwalitsa.

8. Zikavuta

Chovala chikagwira moto, mwana asathamange, chifukwa mphepo imakoleza lawi. Aime, adzigwetse pansi, aphimbe nkhope ndi manja, agubuduke uku ndi uku mpaka moto uzime. Yesererani zimenezi pabalaza kutatsala tsiku, kuti thupi lizolowere. Inu mufundikeni jekete yochindikala kuti moto usowe mpweya.

Kenako thirani madzi ozizira a pampopi pamalo opsawo kwa mphindi 20, monga a NHS, bungwe la boma la zaumoyo kuno, amalangizira. Osaika ayisi. Osapaka mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena odzola, ngakhale kwathu ambiri tinaona zikuchitika. Zimasunga kutentha mkati ndipo zimavutitsa madokotala poyeretsa bala. Vulani zovala ndi zibangili zoyandikira balalo, koma nsalu imene yamatirira pakhungu isiyeni. Mukamaliza kuthira madzi, yalani pabalapo pulasitiki yopyapyala yokulungira chakudya, ndipo thupi lonse mulifunditse kuti mwana asazizidwe. Bala lalikulu, lakuya, kapena la kunkhope, m'manja ndi kumaliseche, imbani 999, nambala ya zadzidzidzi, kapena thamangirani ku A&E, chigawo cha chipatala cholandira odwala mwadzidzidzi.

Mwana akatsamwa koma akutsokomola, mulimbikitseni kutsokomola. Akakhala chete, osatha kupuma kapena kulira, muweramitseni mumumenye ndi chikhatho pakati pa mapewa mpaka kasanu. Zikakanika, kwa wopitirira chaka chimodzi, imani kumbuyo kwake, ikani chibakera pamwamba pa mchombo, mukokere mkati ndi m'mwamba mpaka kasanu. Wina aimbe 999 inu mukupitiriza.

Mukakayikira kuti wameza batire, pitani ku A&E nthawi yomweyo ngakhale akuoneka bwinobwino. Osamusanzitsa, osamupatsa chakudya. Milomo kapena lilime zikatupa atadya switi, kapena akamavutika kupuma, mubayeni jakisoni wake wa adrenaline pantchafu n'kuimba 999.

Akasochera, aime pomwe alipo pansi pa getsi, apemphe mayi kapena bambo amene ali ndi ana kuti aimbe nambala ili m'thumba mwake. Inu mukamusowa, imbirani apolisi pa 999 osazengereza. Zoti munthu amadikira maola 24 asananene kuti mwana wasowa si zoona. Pa zazing'ono zosafuna ambulansi, monga ziwengo za utoto, nambala ndi 111.

Asanagone asukusule utoto wonse ndi kutsuka mano. Chovalacho chipindeni muchiike patali, chifukwa pa 5 Novembala kuli Bonfire Night, usiku wa moto ndi makombola, ndipo ana amafuna kuchivalanso. Kumeneko apite ndi jekete ndi magolovesi, ndipo timitengo tothetheka tija amagwira m'manja osapatsa mwana wosakwana zaka 5.